Ketrina Anakana Kukwera Phiri

Ketrina anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anthu anali atasiya kale kukamba za iye, akukamba za galimoto ya mlongo wake.

Galimotoyo inali pikiapu ya petulo, ya injini yaikulu, imene mlongo wakeyo, Efraimu, anabwera nayo kuchokera ku Joni. Kwawo ku Mbamba Bay, m'mbali mwa nyanja, anachokako tsitsi lili bii. Anabwerako ndi dazi, matenda a shuga, makatoni a mabuku amene chiswe chinayamba kuwawerenga iye asanawamasule, ndi galimoto imeneyi. Mwa zonsezi, chimene anthu anachiona ndi galimoto yokha.

Mudzi umene anayenda nawo m'mutu zaka zonsezo sanaupeze. Iye ankakumbuka msewu wamchenga pansi pa mitengo ya mango, ndi nyumba zingapo za anthu ochokera kutsidya, ku Malawi, monga makolo ake amene anabwera kudzagulitsa nsalu ndi mchere n'kukhaliratu. Masiku amenewo mwana akalakwa ankakalipiridwa m'chinenero cha mayi ake, ndipo ankamva. Tsopano panali tala wosalala, njinga zamoto zolira ngati mavu, ndi zidzukulu za anthu omwe aja zikumuponyera moni wa Chiswahili wakuti "shikamoo" maso ali pafoni. Chichewa chinatsalira m'kamwa mwa okalamba ndi pamitanda ya kumanda, pangodya pamene a kutsidya ankaikana okhaokha. Mayi ake anagona pamenepo. Iye pamaliro awo panalibe. Uthenga unamupeza mvula itagwa kale pamandapo.

Posowa wokamba naye za mabuku, Efraimu ankakamba za injini. M'mawa uliwonse pasiteji, pamene madalaivala amamwera tiyi, mkangano unali womwewo.

"Petulo ndi wopitira kuukwati, mzee," ankatero anyamata a malole, akumutcha mdala m'Chiswahili. "Kukoka katundu ndi dizilo. Petulo akaona phiri amalira ngati mbuzi yapachingwe, kenako thukuta kamukamu."

"Iyi yadutsa mayiko atatu ikukoka ngolo, osatsokomola ndi kamodzi komwe," ankayankha Efraimu, akumenya boneti ndi chikhatho. "Tsiku limene mudzaione itaima panjira, mudzadziwe kuti pali amene waiimitsa. Payokha siingaime."

Mawu amenewa anawanena kambirimbiri mpaka mavenda a nsomba ankamuyeserera akadutsa. Chimene sankanena n'chakuti kuyambira pamene anayamba kukoka ngolo ya simenti kuchokera kudoko la Ndumbi, kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kankakwera pachitunda chilichonse. Rediyeta inali itadya matope a madzi a m'nyanja amene ankathiramo, ndipo fani inkazungulira mwaulesi. Ankadziwa. Ankangoti adzaikonzetsa kutauni ya Songea mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unkasunthirasunthira patsogolo.

Ketrina anali mlongo wake yekhayo. Anakwatiwa kumapiri, kwa anthu a mtundu wa Amatengo, ndi mlimi wa khofi dzina lake Anselm. Kumeneko anabereka mwana mmodzi, Glory, amene malungo anamutenga asanayambe sukulu. Anselm atamwalira, abale ake analanda munda, ndipo Ketrina anatsikira kunyanja kudzagulitsa usipa. Zonsezi zinachitika Efraimu ali kutali. Atabwera, mlongo wakeyo sanamufunse kanthu, sanamudandaulire, sanamupemphe ngakhale sopo. Anapempha chinthu chimodzi chokha, masana ena pakhonde, matenda atamudya kale mpaka zibangili zikugwera kuchigongono.

"Achimwene, mukandiike pafupi ndi Glory. Wagona yekha kokwanira."

"Kwa anthu amene anakuthamangitsa aja?"

"Sindikupita kwa iwo. Ndikupita kwa mwana wanga. Muli ndi galimoto, musandinamize."

Efraimu analonjeza. Pakhondepo panalibe munthu wina.

Ndiye Lachiwiri lomwelo, amayi akulira m'nyumba, achibale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri. Mkulu wa onse anali mayi Naomi, mng'ono wawo wa malemu mayi ake a Efraimu, nkhalamba yowonda ngati bango koma ya maso osaphonya kanthu. Pambali pawo panali mwana wawo Isaya, msodzi, amene zaka zonse Efraimu kulibe ndiye ankaimirira pamilandu ndi pamaliro a banjali.

"Anakuuza iwe wekha?" anafunsa mayi Naomi.

"Ine ndekha, mayi."

"Ife tamusambitsa miyezi yonseyi, tamutembenuza pamphasa, osatiuza. Akauze mlendo."

"Ndine mlongo wake."

"Mlongo wake anali Isaya uyu. Tsiku limene anamuthamangitsa kumapiriko ndi kathumba kamodzi, anakamuchingamira ndi Isaya. Iwe unali ku Joni ukuwerenga." Analoza chakumanda ndi chibwano. "Malo ake alipo pafupi ndi mayi ake. Tatsala ochepa pangodya paja. Ukufuna titayenso ameneyu?"

Efraimu anali ndi mayankho ambiri, ena a m'mabuku, koma anangobwereza kuti walonjeza. Amene anamuthandiza anali Vicent, mng'ono wake wa malemu Anselm, yemwe anatsika kumapiri pa njinga yamoto atangomva uthenga. Vicent anali munthu wofatsa, mlimi wa khofi wokhalanso ndi chigayo, ndipo pa abale onse a Anselm ndi yekhayo amene nkhani ya munda ija inkamuchititsa manyazi. Anagwada patsogolo pa mayi Naomi n'kunena m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chiswahili kuti anyamata ayamba kale kukumba pafupi ndi Glory, ndipo abale ake akufuna kukonza zimene analakwa.

Mayi Naomi anamudzutsa ndi dzanja.

"Mawu a wakufa sititsutsa," anatero. "Ngati ananenadi, tipita naye. Ngati sananene, atiuza yekha. Ketrina sanali munthu wosowa pakamwa."

M'mawa mwake anayenera kunyamuka kusanatenthe, koma maliro alibe wotchi. Bokosi linachedwa kwa kalipentala, a kwaya anachedwa ku mayunifolomu, ndipo pamene ankayamba kupakira, dzuwa la Okutobala linali litaswa kale mtengo. Bokosi analiika kumbuyo kwa pikiapu, amayi achibale n'kulizungulira, pakuti wakufa sayenda yekha. Mayi Naomi anakana mpando wakutsogolo nakhala kumutu kwa bokosi. Zina zonse zinapita m'ngolo, chingolo chachitsulo chimene mmisiri wina anawotcherera kuti chizinyamula maboti.

Katundu woyamba kulowa m'ngolomo anali wa Efraimu mwini. Sanafune kuti mlongo wake akwiriridwe ndi dothi lokha ngati munthu wopanda abale. Anafuna manda omanga, onga amene anawaona ku Joni. Choncho anaikamo matumba a simenti, ndipo popeza kumapiri kuli katondo wofiira wosagwira simenti, anaikamonso matumba a mchenga wa kunyanja, wonyowa, wolemera ngati tchimo. Pamwamba pake mayi Naomi analamula kuti paikidwe ufa wa kondowole, usipa, miphika ikuluikulu ndi nkhuni.

"Nkhuni kumapiri zilipo, mayi," anatero Efraimu.

"Kwa anthu amene analanda mwana wanga munda sindikapemphako ngakhale moto."

Pamwamba pa nkhunizo panakwera a kwaya, ndipo pamwamba pa a kwaya panakwera aliyense amene Ketrina anamukongozapo usipa kapena kumulalatira pamsika, ndipo amenewa anali ambiri. Efraimu anazungulira galimoto n'kuona mmene kumbuyo kwake kwakhalira pansi, matayala ataphwatalala ngati milomo ya munthu wokwiya. Mumtima anadziwa choyenera kuchita: kutsitsa mchenga, kutsitsa nkhuni, kubweza theka la anthu. Koma madalaivala a pasiteji aja anali ataima pomwepo, zipewa zili m'manja polemekeza maliro.

"Mzee, ikwera?" anafunsa mmodzi motsitsa mawu.

"Ikwera," anatero Efraimu.

Msewu wa ku Mbinga, wopita kumapiriko, sutaya nthawi. Ukangosiya nyumba zomaliza ndi minda ya chinangwa umayamba kukwera, ndipo umakwera mokhotakhota ngati sukufuna kuti munthu aone kumene akupita. Kale unali wafumbi, ndipo ankauopa. Lero ndi wa tala, ndiye anthu amaiwala kuti phiri silinachepe. Efraimu anatsitsa giya, n'kutsitsanso. Injini ya petulo kuti ikoke katundu wotere imayenera kuzungulira mothamanga kwambiri, koma galimoto yake ikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi, mphepo yolowa kutsogolo kuti iziziritse palibe. Inkalira monga anyamata aja ankanenera. Kumbuyo a kwaya ankaimba nyimbo ya kwawo kwa Atate, ndipo kamuvi kaja kanadutsa pakati n'kumapita kofiira.

Efraimu anatsegula hita mpaka kumapeto kuti kutentha kwina kutulukire m'kati. Mpweya wamoto unawomba kumapazi. Vicent, amene anakhala naye kutsogolo, anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Shemeji, mwazizidwa?"

"Khalani chete, alamu."

Anakwera ndithu. Nyanja inatsalira m'munsi, nyumba za ku Mbamba Bay zikuoneka ngati mpunga wotayika. Efraimu ankalankhula ndi galimoto chamumtima, kuinyengerera kuti ingofika pokhota paja, ikafika pamenepo ingofikanso pena. Pokhota pena, pamene msewu umatambasuka pang'ono pafupi ndi kamtsinje kotsika m'miyala, injini inagogoda, mphamvu n'kuthawa pansi pa phazi lake. Anangokwanitsa kuikhotetsera pambali. Nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, yoyera, ndipo nyimbo inaduka pakati pa mawu.

Amuna anadumpha n'kuika miyala kumatayala. Efraimu anakulunga dzanja ndi chiguduli, n'kumasula chivundikiro cha rediyeta pang'onopang'ono. Madzi ofiirira anatumphuka n'kumwazika patala, otsala onse n'kutha ngati nthunzi.

"Yatentha basi," anatero mokweza kuti onse amve. "Tidikire izizire yokha. Munthu asaikhudze. Ikazizira tithiramo madzi, titsitse mchenga ndi nkhuni, tipitirire."

Onse ankayang'ana kumbuyo kwa pikiapu. Mayi Naomi anali atagwada, dzanja lili pabokosi, akulankhula ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ngati akulankhula ndi munthu amene ali kuseri kwa chitseko.

"Ketrina, mwana wanga, ndine mayi ako aang'ono. Taima. Takumva. Ngati pali chimene takulakwira, usativutitse pamsewu, ana a eni akupsa ndi dzuwa. Ngati sukufuna kumene tikukutengera, ife si anthu okakamiza."

Aliyense wa kunyanja anamvapo za maliro okana. Galimoto yabwinobwino imaima, bwato limazungulira pamodzimodzi, onyamula bokosi mapewa amawalemera, ndipo zikatero mumamufunsa mwini wake. Efraimu anazimva ali mwana, anaziseka ali ku Joni, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lina zidzamupeza iye ali ndi makiyi m'manja. Anasiya boneti ili yasa n'kupita kumbuyo.

"Mayi, si Ketrina ameneyu. Ndi katundu. Taonani ngoloyo! Ngakhale njovu ikanagwada."

"Achimwene," anatero Isaya, osakweza mawu, "si inu munkati payokha siingaime?"

"Zinali zocheza za pasiteji."

"Munkati tikadzaiona itaima tidzadziwe kuti pali amene waiimitsa. Ine ndinamva ndi makutu angawa. Onsewa anamva."

Anthu a m'ngolo anavomereza ndi mitu. Mayi wina wa kwaya anabwereza mawuwo monga Efraimu ankawanenera, mpaka kumenya kwa chikhatho komwe, koma palibe anaseka.

Efraimu anayang'ana bokosi. Linali la matabwa osapala bwino, vanishi isanaume.

"Ndinkanama," anatero. "Galimotoyi yakhala ikutentha kuyambira kalekale. Rediyeta ndi yotsekeka, fani ndi yotopa. Petulo sakoka katundu wotere paphiri, anyamata aja ankanena zoona. Ndinkadziwa tisananyamuke. Ndinachita manyazi kunena."

Zinamuwawa kuposa mmene ankayembekezera, koma anaona ngati walipira, ndipo tsopano amumvera. Mayi Naomi anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja likadali pabokosi.

"Ndiye unkanama."

"Eya, mayi."

"Chaka chathunthu, m'mawa uliwonse, pamaso pa anthu, pa nkhani ya chitsulo. Koma za pakhonde zija, zimene unamva wekha popanda mboni, zimenezo zokha ndiye zoona?"

Efraimu asanayankhe, kutsogolo kunamveka phokoso lalifupi, louma, ngati mbale yadothi yasweka m'chipinda china. Kenako kuwira, ndi nthunzi yambiri.

Anathamangira kumeneko. Vicent anali ataima pa bampala, chigubu chili m'manja, akukhuthulira madzi a kamtsinje kaja m'rediyeta ndi pamwamba pa injini pomwe. Anali madzi a m'phiri, ozizira mpaka kupweteka mano. Munthuyo anaona nkhalamba ikulankhula ndi bokosi, anaona anthu akuyamba kutembenuka mtima, ndipo anafuna kuti galimoto idzuke msanga nkhani isanathe.

"Alamu! Mwatani?"

"Pachigayo panga ndimatero tsiku lililonse, shemeji. Ikawira ndimangothira, imapitirira."

"Ichi si chigayo!"

Injini ya chigayo ndi chitsulo chochindikala, chokhala ndi thanki yotsegula pamwamba, ndipo imapirira nkhanza zotere. Iyi sinali choncho. Efraimu anadikira, kenako anayesa kuliza. Inazungulira, inatsokomola, inagwira pang'ono ikunjenjemera thupi lonse, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo, n'kuzima. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka. Mutu wa injini unali utang'ambika, ndipo madzi anali atalowa mosayenera kulowa. Anayesanso. Sinayankhe.

Vicent anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chigubu chili pakati pa miyendo, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Efraimu sanagonje pomwepo. Anaima pakati pa msewu n'kuimitsa lole yopanda katundu imene inkakwera. Dalaivala anavula chipewa ataona bokosi, anapepesa, ndipo anali wokonzeka kuthandiza mpaka pamene anafunsa kuti galimoto yatani. Wina m'ngolo anayankha Efraimu asanayankhe.

"Pepani, mzee," anatero dalaivalayo, akubweza chipewa kumutu. "Maliro okana sindinyamula. Lole si yanga, ndipo kutsogoloku kuli maphompho."

Wachiwiri sanaime n'komwe. Vicent anaimbira foni mnzake wa kumapiri amene ali ndi galimoto. Mnzakeyo anafunsa funso lomwelo, kenako anati galimoto yake ili ndi vuto la matayala, mwina mawa. Efraimu ananena zonyamula bokosi pamapewa. Isaya anakana. Kumudzi kwa Anselm kunali kutali koti akanafika mawa lake, ndipo amuna oti anyamule anali omwewo amene ankakhulupirira kuti mwini bokosi sakufuna.

Dzuwa linapendeka pang'ono koma silinafewe. Panalibe mthunzi kupatula wa ngolo, ndipo ana ndi amayi oyamwitsa anadzipanikiza m'menemo. Ketrina anali atagona usana ndi usiku wathunthu m'nyumba yamalata, ndipo tsopano anali pa chitsulo chotentha. Amayi okhala pafupi ndi bokosi anayamba kukokera zitenje kumphuno, mobisa, kuti asachititse Ketrina manyazi. Mmodzi ankakupiza ndi nthambi. Ntchentche zobiriwira zinabwera kuchokera kosadziwika.

Mayi Naomi anaitana Efraimu ndi dzanja.

"Sindikufuna kukangana nawe pamaso pa mlongo wako. Timufunse komaliza. Masulani ngoloyo, mutembenuze galimoto iyang'ane kunyanja. Ikakananso kupita kumeneko, ndiye kuti ndi chitsulo chako, ndipo tikhala pano mpaka mawa kudikira ya kumapiri. Ine ndidzakhala woyamba kukwera. Koma ikayenda, usanenenso kanthu."

"Mayi, kumeneko ndi kumtsetse. Ngakhale mwala ungayende."

"Ndiye ukuopa chiyani? Mwala ulibe mwana kumapiri. Ngati Ketrina akufunadi Glory, aigwira."

Amuna anamasula ngolo, n'kuitchinga ndi miyala ikuluikulu. Anakankha pikiapu kutsogolo, kumbuyo, kutsogolonso, Efraimu akulimbana ndi chiwongolero chimene popanda injini chinali cholimba ngati muzu. Pomaliza mphuno ya galimoto inayang'ana kumene anachokera. Anachotsa miyala. Anthu onse anaima kumbuyo.

"Tiyeni," anatero Isaya.

Galimoto sinasunthe.

M'kati, Efraimu anali ataponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Sanakonzekere kutero. Phazi linangopita lokha, ndipo litafika anazindikira kuti ichi ndicho chokha chatsala. Ngati afuna kuti wakufa alankhule, alankhula. Anagwira chiwongolero, maso ali kutsogolo, nkhope ili ngati ya munthu amene akudabwa pamodzi ndi anzake.

"Kankhani!" anatero wina.

Anakankha. Galimoto inagwedezeka koma sinapite. Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Mayi wina anati, "Jamani, wagwira!" Vicent anadzuka pamene anakhala. Pagalasi Efraimu anaona mayi Naomi atachotsa dzanja pabokosi, kukamwa kuli pululu, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni kuchokera ku Joni anaona nkhalambayo ikukayika. Mwendo wa Efraimu unayamba kutha mphamvu. Buleki yopanda injini imafuna mwendo wa mnyamata, osati wa munthu wa shuga. Anawonjezera phazi lachiwiri pamwamba pa loyamba. Fungo lochokera kumbuyo linalowa pawindo, lotsekemera moipa, ndipo anadziwa kuti limeneli ndi la mlongo wake, amene moyo wake wonse ankasamba kawiri patsiku kuti asamveke usipa.

Isaya anabwera pawindo. Anaweramira m'kati ngati akufuna kuona chiwongolero, n'kulankhula motsitsa kuti asamve wina.

"Achimwene, magetsi ofiira akumbuyo akuyaka."

Efraimu anangolimbikira kuponda buleki.

"Ndaima patsogolo pa limodzi, linalo ndaphimba ndi jekete. Sanaone. Koma sindingaime pamenepo mpaka mawa." Anapumira m'mwamba. "Mwina anakuuzanidi. Ine sindikudziwa. Koma tamumvani mmene akumvekera. Mukufuna agone pamsewu pano usiku wonse, anthu atagwira mphuno? Ndi zimene adzamukumbukire nazo?"

"Ndinalonjeza, Isaya."

"Munalonjeza ndi galimoto. Galimoto yafa."

Isaya anabwerera kumbuyo. Efraimu anayang'ana kamuvi kaja. Kanali katagona pansi penipeni, pozizira, pamene iye ankakafuna m'mawa monse. Anakhala choncho kanthawi, thukuta likulowa m'maso. Kenako anachotsa phazi limodzi, n'kuchotsanso linalo.

Galimoto inayamba kuyenda popanda woikhudza. Inayenda mwakachetechete, matayala okha akunong'ona patala.

"Mwaona?" anatero mayi Naomi. "Anangofuna atsanzike mwana wake. Tsopano akupita yekha. Palibe akukankha."

A kwaya anayambiranso nyimbo ija pamene inadukira, ndipo anthu onse anatsatira pambuyo wapansi. Ngolo inatsala m'mbali mwa msewu ndi simenti, mchenga, nkhuni ndi mnyamata mmodzi woilondera. Njira yonse yotsika Efraimu ankalimbana ndi buleki kuti galimoto isathamange kuposa oimba, dzanja lina lili pa buleki yamanja, fungo la mabuleki opsa likusakanikirana ndi linalo. Pamene mtsetse unathera, amuna anakankha. Anadutsa pasiteji. Madalaivala anaimirira, zipewa m'manja, ndipo palibe ananena za petulo kapena dizilo.

Ketrina anamuika m'manda tsiku lomwelo, mofulumira, pangodya ya a kutsidya, pafupi ndi mayi ake. Anamukwirira ndi dothi lokha. Mayi Naomi anauza aliyense wobwera kudzapepesa mmene Ketrina anaimitsira galimoto imene siinkaima, mmene anaigwirira pang'ono potsanzika, ndi mmene anadziyendetsera yekha kubwerera kwawo. Pofika Lamlungu nkhaniyo inali itafika ku Lipingo ndi ku Mbaha, ndipo kumeneko ankati injini inalira yokha popanda makiyi.

Vicent anagona kwa Efraimu. M'mawa, akudikira njinga yamoto yomutengera kwawo, anaima pafupi ndi pikiapu imene anaikankhira pansi pa mtengo wa mango. Nkhuku inali itakwera kale kumbuyo, pamene panali bokosi.

"Dzenje lija lili chitsegukire," anatero Vicent, osayang'ana mlamu wake. "Kwathu manda okumba sitisiya opanda kanthu, amaitana munthu wina. Akuluakulu anena kuti tiikemo thunthu la nthochi."

"Pafupi ndi Glory?"

"Pafupi ndi Glory. Tilikulunga munsalu, tikwirire bwinobwino." Anazengereza. "Simenti ija ikadali pamsewu, shemeji. Ndikapeza galimoto, ndikaitenge? Tikhoza kumangira pamenepo."

Efraimu anayang'ana kumapiri. Kunali mbee, kopanda mtambo, ndipo msewu unkaoneka pang'ono pamene umakhota koyamba.

"Katengeni," anatero. "Mchenganso. Wa kumeneko sugwira."